Kupulinta zithunzi za maikulosikopu ndi za setilaiti pa pulinta ya tona wakuda yekha: mmene zayendera mpaka pano

Aphunzitsi anzanga, makamaka a Biology ndi Geography m'ma CDSS, ndikulemba izi chifukwa vuto lomwe tili nalo kuno ku Zomba ndikudziwa kuti kwanunso liliko. Ana a Fomu 4 ndili nawo 86, maikulosikopu tili nawo awiri, ndiye pa phiriyodi imodzi mwana amangosuzumira pang'ono kenako mnzake wayamba kale kumukankha kuti nayenso aone. Mwana wotereyu ukamupatsa chithunzi pa mayeso kuti atchule mbali zake amangoyang'ana kudenga. Ndiye ndinaganiza zopanga kabuku ka zithunzi zenizeni zojambulidwa pa maikulosikopu, osati zojambula pamanja, koti aziphunzirira m'magulu moko isanafike. Zida zomwe zilipo ndi laputopu yanga yakale, pulinta ya laser ya mu ofesi ya a hedi yomwe imatulutsa zakuda zokhazokha pa 600 dpi (madontho 600 pa inchi iliyonse), ndi fotokope ya bambo ena pa msika. Mapulogalamu onse omwe ndatchule pansipa ndi aulere.

13 Januwale 2025

Zithunzi zoyamba zafika. Achimwene ena omwe amagwira ntchito mu labu ya chipatala china andijambulira magazi a malungo, khungu la anyezi ndi tsamba la chomera lodulidwa chopingasa, n'kunditumizira pa WhatsApp. Pa foni zokongola zedi. Ndagula rimu ya mapepala a A4 a 80 gsm pa K16,000 ndipo ndapulinta chimodzi cha magazi kuti ndione. Maselo akuoneka, koma m'mphepete mwake muli zinyalala, ndipo tizirombo ta malungo tomwe ndimafuna ana aone sitikusiyana ndi zinyalalazo.

Nditachikulitsa pa laputopu ndaona timabokosi tating'onoting'ono paliponse. Chithunzi ukachitumiza pa WhatsApp ngati foto chimachepetsedwa n'kusanduka JPEG, ndipo JPEG imagawa chithunzi m'timabokosi ta ma pixel (timadontho topanga chithunzi cha pa kompyuta) 8 mulitali 8 mulifupi n'kutaya zina mkati mwa kabokosi kalikonse kuti fayilo ipepuke. Pa chithunzi cha ukwati simungaone kanthu, koma kachirombo ka malungo kali ndi ma pixel ochepa kwambiri moti zomwe zatayidwazo ndi kachirombo komweko. Ndawaimbira achimwene aja kuti andipatse mafayilo enieni ochokera mu kompyuta ya kamera. Njira zilipo ziwiri, kutumiza ngati document kuti fayilo isakhudzidwe, kapena pa fulashi. Mafayilo ndi olemera, bandulo ikanathera pomwepo, ndiye ndagula fulashi pa K8,000 ndipo aitumiza ndi munthu wobwera kuno.

15 Januwale

Lero holide ya Chilembwe, ndakhalira zomwezi. Fulashi yafika, mafayilo onse ndi TIFF. A magazi atseguka bwinobwino ali ndi mitundu yake, koma a anyezi ndi tsamba ndikawatsegula ndi pulogalamu wamba yoonera zithunzi akutuluka akuda bii, palibe chooneka. Ndinapulinta limodzi kuti mwina pa pepala pasintha, mayi aku ofesi atalitenga pa pulinta anangoti, "Aphunzitsi, mwapulinta pansi pa mphika apa?" Tona wa a hedi anapita pachabe.

Mafayilowo sanaonongeke ayi. Kamera yomwe inajambula zimenezi imalemba kuwala pa 12-bit, kutanthauza manambala kuyambira 0 mpaka 4095, koma imawasunga mu TIFF ya 16-bit yomwe imafika 65535. Ndiye malo owala kwambiri pa chithunzi, 4095 uja, pulogalamu wamba imawaona ngati 6 peresenti chabe ya kuyera, n'chifukwa chake zonse zimada. Sikirini ndi pulinta zimayendera 8-bit, milingo 256, ndiye pamafunika wina asankhe kuti pa manambala masauzande aja ndi ati omwe alowe mu 256 amenewa.

Ndakopera ImageJ, pulogalamu yomwe inalembedwa ndi Wayne Rasband ku National Institutes of Health ku America, yakhalapo kuyambira 1997 ndipo anthu a m'malabu amaigwiritsa ntchito kwambiri. Pali mtundu wake wina wotchedwa Fiji womwe umabwera ndi zowonjezera zambiri koma ndi wolemera pokopera, pa ntchito imeneyi ImageJ yokha yandikwanira. Mukatsegula TIFF ija mu ImageJ chithunzi chimaoneka nthawi yomweyo chifukwa yokha imatambasula manambala. Zomwe ndachita pa fayilo iliyonse: Analyze, Histogram kuti ndione manambala akuyambira pati akuthera pati, kenako Image, Adjust, Brightness/Contrast n'kusuntha Minimum ndi Maximum mpaka makoma a maselo aoneke bwino ndipo kumbuyo kuyere, ndiye pomaliza Image, Type, 8-bit. Dongosolo lake ndi lomwelo osasintha, chifukwa posandutsa kukhala 8-bit ImageJ imatenga Minimum ndi Maximum zomwe zili pa sikirini nthawi imeneyo, zomwe zatsala kunja zimapita osabweranso. Kusunga ndasunga ngati PNG, yomwe imafinya fayilo osataya kanthu. Ma TIFF oyambirira ndawaika mu foda yawoyawo ndipo sindikuwasintha.

Anyezi watuluka bwino lero lomwe, makoma a maselo ndi ma nucleus zikuoneka. Iyeyu sanavute.

21 Januwale

Magazi ndi omwe andidyera nthawi. Ndikasiya pulinta kuti isandutse yokha mitundu kukhala yotuwa, maselo ofiira amatuluka otuwa mwapakati ndipo timphete ta Plasmodium falciparum, kachirombo ka malungo, timatuluka totuwa mofanana nawo, kadontho kokha n'komwe kamaonekako pang'ono. Mankhwala omwe amapaka pa silaidi ya malungo ndi Giemsa, ndipo ntchito yake yonse yagona pa mitundu: kadontho ka chromatin kamafiira mopita ku pepo, thupi la kamphete limakhala labuluu, selo lofiira limakhala lapinki motuwirako. Diso limasiyanitsa izi chifukwa cha mtundu, koma kawalidwe kake n'koyandikana, ndiye mukachotsa mtundu mwachisawawa mwachotsanso kachirombo.

Kusandutsa kwa masiku onse kumasakaniza mitundu itatu pamodzi. Njira yofala imatenga 0.299 ya wofiira, 0.587 ya wobiriwira ndi 0.114 ya wabuluu, pomwe ImageJ ikapanda kuuzidwa imangophatikiza itatuyo n'kugawa ndi 3. Zonse ziwiri ndayesa, palibe yomwe inathandiza kwenikweni. Chomwe chathandiza ndi kusiya kusakaniza. Image, Color, Split Channels imakupatsani zithunzi zitatu zotuwa, chimodzi cha mtundu uliwonse, ndiye mumasankha nokha. Pa zithunzi zangazi cha buluu chinali chofooka chodzaza timadontho tosafunika. Cha red chinaonetsa thupi la kamphete bwino koma maselo ofiira anatsala pang'ono kusowa, ndipo mwana sangamvetse kuti kachiromboka kamakhala mkati mwa selo ngati seloyo sakuliona. Cha green ndi chomwe chinagwira zonse, m'mphepete mwa selo mukuoneka, kadontho kada kwambiri, kamphete kakuoneka. Ndatenga cha green pa zithunzi zonse za magazi, kuphatikizapo chomwe chili ndi gametocyte, kachirombo komweko kali mu maonekedwe ena aatali opindika, yomwe ana sangaisokoneze ndi china chilichonse.

Vuto lina linali kuwala kosafanana, pakati powala m'makona mwakuda, ndipo pa pepala makonawo amada kuposa pa sikirini. Process, Subtract Background imakonza zimenezi, muchonge Light background chifukwa kumbuyo n'koyera. Nambala ya radius yomwe imabwera kale ndi 50, ndipo ndi 50 ameneyu maselo anga anatuluka obooka pakati chifukwa pulogalamu imaona mkati mwa selo ngati kumbuyo. Radius iyenera kuposa chinthu chachikulu chomwe mukufuna chitsale. Ndinayeza selo limodzi ndi chida cha mzere, ndinaika radius yoposa pamenepo kawiri, zinakhala bwino.

Chimodzi chomwe ndikufuna ndinene mwamphamvu. Mtundu ukachoka, ma platelet (tiziduswa ta m'magazi tothandiza kuti magazi aundane) omwe agona pamwamba pa selo lofiira komanso zinyenyeswa za mankhwala a Giemsa zimafanana kwambiri ndi kachirombo. Zithunzi zonse zotuwa ndinazibwezera kwa achimwene aja kuti aike chizindikiro pa kachirombo kenikeni poyerekeza ndi chithunzi cha mitundu, ndipo malo awiri omwe pa green amaoneka ngati timphete anati ndi ma platelet. Musaphunzitse ana kuchokera pa chithunzi chotuwa chomwe munthu wa labu sanachione, mudzawaphunzitsa zabodza ndipo adzazikumbukira bwino kuposa zoona.

27 Januwale

PNG ya green ija pa sikirini ili bwino kwambiri, pa pepala yatuluka yakuda kuposa, kadontho ndi kamphete zaphatikana. Pulinta ya laser ilibe mtundu wotuwa, pa malo alionse imaika tona kapena osaika. Kutuwa imakupanga ndi timadontho, tikakula pamada, tikachepa pamayera. Kuchuluka kwa milingo yomwe ingatuluke mumakupeza pogawa dpi ndi kuchuluka kwa mizere ya timadontho pa inchi, yankho n'kulichulukitsa ndi lokha, n'kuwonjezera 1. Pa 600 dpi ndi mizere 106 mumapeza milingo 33 yokha, pa mizere 75 mumapeza 65. Ndiye 256 ija sifika pa pepala. Kuwonjezera apo tona akamasungunuka kadontho kalikonse kamafufuma pang'ono, malo otuwa mwapakati amada.

M'malo momangopulinta chithunzi mobwerezabwereza ndapanga pepala loyesera, mabokosi 11 kuyambira loyera mpaka lakuda, lililonse kuda kwake kukuwonjezeka ndi 10 peresenti, nambala yake pansi. Pa pulinta yathuyi mabokosi a 80, 90 ndi 100 atuluka ofanana, ndipo la 50 likuoneka ngati la 60 kapena kuposa. Ndiye chilichonse chofunika pa chithunzi chiyenera kukhala pansi pa 80. Pangani pepala limeneli musanayambe china chilichonse, pulinta iliyonse ili ndi khalidwe lake ndipo manambala anga sangakhale anu.

Apa ndi pomwe ndayamba kugwiritsa ntchito ImageMagick, yomwe mumailembera malamulo m'malo modina. Kuwalitsa pakati ndi -gamma 1.4, nambala ikaposa 1 chithunzi chimawala. Kuletsa kuti chisade kupyola 80 peresenti ndi +level 20%,100%, onetsetsani kuti chizindikiro ndi + osati -, chifukwa cha - chimachita zotsutsana nazo.

Zina ziwiri zazing'ono. Pulinta inali pa seting'i yosunga tona, yomwe imachepetsa timadontho mosalingana, ndaizimitsa pa ntchito imeneyi. Komanso mvula ino mapepala osiyidwa mu thireyi usiku amanyowa ndi chinyezi, amatuluka opindika ndipo tona amagwira mwa apo ndi apo. Rimu ndikumaibwezera mu pulasitiki yake n'kuitsekera mu kabati, mu thireyi ndimaika okhawo omwe ndipulinte nthawi yomweyo.

4 Febuluwale

Ndinapita ku msika ndi pepala lopulintidwa lomwe ndinali nalo wokhutira. Fotokope yake yatuluka zigamba zokhazokha, malo ena mizere yopingasana yomwe pa choyambirira panalibe. Ana sadzagwira pepala lochokera mu ofesi ya a hedi, adzagwira la fotokope, ndiye ntchito yonse ya sabata yatha inayenera kuyesedwanso kuchokera kumeneko. Ndinakopetsanso pepala la mabokosi 11 lija: bokosi la 10 lasowa, kuyambira 70 kupita mtsogolo zonse zakuda, omwe akusiyana bwino ndi asanu kapena asanu ndi limodzi basi.

Timadontho tomwe pulinta imapanga yokha ndi tating'ono kwambiri kwa makina a fotokope, ndipo makinawo akakhala pa Photo amaikanso timadontho take pamwamba pa toyamba tija, mizere yopingasana ija imachokera pamenepo. Ndiye ndinaganiza zopanga timadontho ndekha pa laputopu, kuti pulinta ilandire fayilo ya 1-bit, yakuda ndi yoyera basi, isakhale ndi choti isankhe.

Poyamba ndinayesa Floyd-Steinberg, njira ya Robert Floyd ndi Louis Steinberg ya m'ma 1970 yomwe imamwaza timadontho ta pixel imodzi paliponse. Pa sikirini palibe yoiposa. Pa pulinta inatuluka yakuda kuposa chifukwa kadontho kalikonse kayekha kamafufuma mbali zonse, ndipo pa fotokope malo owala timadontho tinasowa, malo akuda tinaphatikana. Njira imeneyi musataye nayo mapepala ngati mapeto ake ndi fotokope.

Yomwe yagwira ntchito ndi ya madontho aakulu ounjikana ngati a mu nyuzipepala. Mu ImageMagick muli imodzi yotchedwa h8x8o, dontho limodzi pa ma pixel 8, ndiye pa 600 dpi ndi mizere 75 pa inchi. Lamulo lonse ndi ili:

magick magazi.png -resize 2400x -gamma 1.4 +level 25%,100% -ordered-dither h8x8o -type bilevel -compress Group4 -units PixelsPerInch -density 600 magazi.tif

Ma pixel 2400 pa 600 dpi ndi mainchi 4, kupyola pang'ono 10 cm pa pepala. Level ndaikweza kufika 25 chifukwa cha zomwe fotokope imachita kumbali yakuda. Kukula kwa chithunzi musankhiretu musanaike madontho, mukadzachikoka ndi mbewa pambuyo pake madontho amaonongeka. Ukayandikiza diso madontho amaoneka, koma pa mtunda womwe munthu amawerengera timphete tikuoneka bwinobwino.

Bambo a fotokope aja ndinawapempha kuti asinthe makina achoke pa Photo apite pa Text, chifukwa tsopano pa pepala pali zakuda ndi zoyera zokha. Poyamba anakana, akuti "Aphunzitsi, chithunzi timaika pa Photo, ndi mmene timachitira." Ndinalipira makope awiri K200 kuti tiyerekeze, ataona okha anavomera, ndipo iwo ndi omwe anandiuza kuti tichepetse kuda kwa makina ndi mlingo umodzi, zomwe zinathandizanso.

8 Febuluwale

Kuyala tsamba la kabuku. Mivi ndi zolemba ndikaziika pa chithunzi ndisanaike madontho nazonso zimasanduka madontho, zilembo zimanyenyeka. Ndiye ziyenera kubwera pambuyo. Ndinayamba ndi Word koma iyo imachepetsa zithunzi kufika 220 ppi posunga, pokhapokha mutalowa mu File, Options, Advanced n'kuchonga Do not compress images in file, komanso potulutsa PDF chithunzi chimatha kuchepetsedwanso. Chithunzi wamba sichidandaula, koma cha 1-bit chikangochepetsedwa madontho amasanduka phala.

Njira yomwe ndakhazikika nayo ndi kupanga tsamba lonse mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi. A4 pa 600 dpi ndi ma pixel 4961 mulifupi 7016 mulitali, tsegulani ngati Grayscale osati RGB apo ayi laputopu yakale imaima. Ndimaika ma TIFF aja momwe alili osawakulitsa, kulemba mayina ndi mivi yakuda, muvi uliwonse ndimauzunguliza kamzere koyera kuti usasowe pa malo akuda, kenako Image, Mode, Indexed n'kusankha 1-bit yakuda ndi yoyera popanda dithering (kumwaza timadontho), ndiye kutulutsa ngati TIFF ya Group 4. Kupita ku PDF ndagwiritsa ntchito img2pdf yomwe imaika chithunzi mu PDF osachisintha. Tsamba lonse la 1-bit ngakhale lisafinyidwe silifika 4.5 MB.

Populinta PDF musankhe Actual size. Ikakhala pa Fit tsamba limachepetsedwa pang'ono kuti lilowe m'malire a pulinta, ndipo pang'ono pomwepo ma pixel sagwirizananso ndi madontho a pulinta, pamatuluka mabokosibokosi pa chithunzi chonse. Musiye malire a 1 cm mbali zonse kuti pasadulidwe kanthu.

11 Febuluwale

Nkhani ya magnification, kutanthauza kuti chinthu chakulitsidwa kangati. Pa zithunzi za magazi achimwene analemba x1000, zomwe ndi zoona kwa munthu wosuzumira pa maikulosikopu, lenzi ya 100 ya mafuta ndi ya kudiso ya 10. Koma chithunzi chikadulidwa n'kukulitsidwa pa pepala nambala imeneyi sikhalanso yoona, ndipo ana amafunsidwa kuwerengera magnification ndi rula. Ndinawapempha chithunzi cha stage micrometer, silaidi yokhala ndi karula kakang'ono, chojambulidwa ndi lenzi yomweyo, ndinajambula mzere pamwamba pake mu ImageJ n'kulowa mu Analyze, Set Scale, kuchonga Global kuti zigwire pa zithunzi zonse.

Ndadula chithunzi chilichonse cha magazi kuti mulifupi mwake mukhale pafupifupi 51 µm (mu 1 mm muli 1000 µm), chomwe pa pepala chikukhala pafupifupi 102 mm, ndiye magnification ndi 2000. Kamzere ka 10 µm kakutuluka 20 mm, omwe pa 600 dpi ndi ma pixel 472, ndakajambula mu GIMP kakuda bii. Selo lofiira la munthu limakhala 7 mpaka 8 µm, pa pepala ndayeza pafupifupi 15 mm, zikugwirizana. Nambala ya x sindinailembe paliponse. Wina akadzachepetsa tsamba pa fotokope kamzereko kadzachepa limodzi ndi maselo ndipo kadzakhalabe koona.

18 Febuluwale

A Geography ataona masamba a magazi anabwera ndi zawo, akufuna Nyanja ya Chilwa yojambulidwa ndi setilaiti, chithunzi cha kumapeto kwa 2018 pomwe nyanjayi inaphwa kwambiri ndi china cha chaka cha madzi ambiri, kuti ana ayerekeze. Ana athu ambiri makolo awo amadalira nsomba za ku Chilwa ndiye nkhaniyi si yachilendo kwa iwo. Zithunzi za Sentinel-2 za pulogalamu ya Copernicus ya ku Ulaya ndi zaulere, koma zimabwera ngati JPEG 2000, mafayilo othera ndi .jp2, ndipo band iliyonse, kutanthauza mtundu uliwonse wa kuwala komwe setilaiti imajambula, ili ndi fayilo yake, zomwe pixel imodzi imaimira mamita 10 zili ndi ma pixel 10980 mbali iliyonse. Bandulo ya K7,000 yathera pamenepa.

Zithunzi za mitundu yachilengedwe zikasanduka zotuwa, madzi amatope a Chilwa ndi nthaka youma zimafanana. Tatenga Band 8 yokha, ya near infrared, kuwala kosaoneka ndi maso, chifukwa madzi amameza kuwala kumeneku ndipo amada pomwe zomera zimawala. Vuto lake ndi lomwe lija la 16-bit, ndiye tatsegula mu QGIS, pulogalamu ya mapu, kudula dera la nyanja lokha, kuika minimum ndi maximum poyang'ana histogram, n'kutulutsa PNG. Zithunzi zonse ziwiri ziyenera kukhala ndi minimum ndi maximum zofanana, mukasiya pulogalamu isankhe yokha chilichonse chimatambasulidwa mwakemwake ndipo kuyerekeza kumakhala kwabodza. Madzi osaya amatope amatuluka otuwa osati akuda, ndiye m'mphepete mwa nyanja mumafunika kufotokozera ana pakamwa. Nyanja yonse ikakhala yakuda bii fotokope imasiya mizere yoyera pakati ndipo tona amatha msanga, ndaika +level 45%,100% kuti madzi akhale otuwa mwapakati, chilumba cha Chisi chikuoneka bwinobwino.

Mapu a mvula omwe anabwera nawo anali a mitundu ya utawaleza, buluu mbali imodzi kufiira mbali ina chikasu pakati. Pa pepala buluu wakuda ndi kufiira kwakuda zimatuluka zofanana, ndiye dera la mvula yambiri ndi la mvula yochepa sizikusiyana, ndipo palibe channel yomwe inapulumutsa. Mitundu ngati viridis, yomwe inapangidwa kuti kuwala kuzikwera mbali imodzi yokha, imapulintika bwino, koma ife tinali ndi chithunzi chokha opanda manambala ake. Tinapulinta malire a maboma, a Geography anajambula mizere yogawa madera ndi peni yakuda akuyang'ana pa sikirini, magawo asanu, lililonse ndi kalembedwe kake, timizere, timadontho, mizere yopingasana. Tsamba limeneli pa fotokope ndi lomwe latuluka loyera kuposa onse.

25 Febuluwale

Tona watha pakati pa ntchito. Kudzazitsa katiriji K30,000, a hedi avomera kuti ichoke ku ndalama za ofesi popeza pulinta ndi ya sukulu yonse. Tona watsopanoyu ndi wakuda kuposa wakale, masamba a magazi ayambanso kuphatikana. Ndapulintanso mabokosi 11 aja, nawonso awonetsa kuti pakati pada. Gamma ndaikweza kuchoka pa 1.4 kufika 1.6 n'kuyendetsanso lamulo lija pa ma PNG onse, kenako kubwezera ma TIFF atsopano m'masamba a GIMP. Apa n'pomwe zinathandiza kuti mafayilo a GIMP ndinawasunga ndi ma layer ake, mivi ndi zolemba sizinasunthe. Magetsi anathima masana onse ndiye kupulinta kwachitika madzulo.

4 Malichi

Kabuku katuluka, masamba 12. Kupangira mwana aliyense kukanadya ndalama zoposa K100,000, ndiye tapanga 22, kamodzi ka ana anayi. Fotokope masamba 264 pa K100 ndi K26,400, bambo aja sanatilipiritse masitepulo. Pamodzi ndi rimu, fulashi, bandulo ndi tona zonse zakwana K87,400, osawerengera timakope toyesera tomwe ndimalipira ndekha pa msika. Ndinaima pomwepo akukopa, chifukwa galasi la makina likada fumbi pa zithunzi za magazi limatuluka ngati kadontho ka chromatin, tinalipukuta kangapo. Masamba oyambirira ochokera mu pulinta ndawasunga mu envulopu, makope ena onse azichokera pa amenewa osati pa fotokope inzake.

Lero ndakagwiritsa ntchito m'kalasi. Magulu ambiri apeza 2000 pa magnification, omwe analephera anaiwala kusandutsa mm kukhala µm. Timphete akutipeza okha ngakhale pa chithunzi chomwe ndinachisiya dala chopanda mivi, ndipo gulu lina linafunsa chifukwa chake selo limodzi lili ndi timphete tiwiri, zomwe zimachitikadi kawirikawiri pa falciparum. Ma platelet awiri aja ndawalembera dzina lawo pa tsamba kuti ana adziwe kuti si zonse zakuda zomwe zili tizirombo.

Lomwe silinakhale bwino ndi tsamba la chomera lodulidwa chopingasa lija. Ma chloroplast mu palisade ndi othinana kwambiri moti pa mizere 75 akuphatikana kukhala chigamba chimodzi, spongy mesophyll yokha ndi yomwe ikuoneka. Ndikufuna ndiyese kudula kachigawo kochepa n'kukakulitsa kuti chloroplast iliyonse ipeze madontho angapo, tsamba lonse likhale pa chithunzi china chaching'ono pambali chongosonyeza magawo. Achimwene aja anena kuti ajambulanso ndi lenzi ya 40 akapeza mpata, zikafika ndidzapitiriza pompano.